Kodi Kukoma Kuli M'botolo Kapena pa Lilime? Funso la Patebulo la Vinyo wa Pinot Noir

Pinot noir ndi mtundu wa mphesa zakuda zimene kwawo ndi ku Burgundy, chigawo cha kum'mawa kwa dziko la France. Lero mphesazi zimalimidwanso ku Germany, ku Oregon ndi ku California m'dziko la America, ku New Zealand, ku South Africa ndi m'mayiko ena. Pakati pa anthu okonda vinyo pali chizolowezi chokumana pa chakudya chamadzulo, aliyense atatenga botolo la pinot noir wa kudera losiyana ndi la mnzake, kuti alawire limodzi n'kuyerekeza. Mkumano wotere suchedwa kubala mkangano. Wina amati wa ku Burgundy waposa onse, wina amati wa ku Otago, ku New Zealand, ndiye wakoma, wachitatu n'kufuna kutseka nkhani ponena kuti aliyense ali ndi lilime lake. Zikafika apa, nkhani imakhala itakula kuposa vinyo. Imakhala itafika pa funso limene akatswiri a nzeru zakuya akhala akulimbana nalo kwa zaka mazana ambiri: munthu akanena kuti ichi n'chabwino kuposa icho, kodi akunena zoona zokhudza chinthucho, kapena akungofotokoza za iye mwini?

Mphesa zosabisa kumene zachokera

Pinot noir amayenerera mayeso amenewa chifukwa cha mmene mphesa zake zilili. Zili ndi khungu lopyapyala, motero vinyo wake amakhala wofiira mowala, moti munthu akapendeketsa tambula pamwamba pa pepala lolembedwa amatha kuona zilembo kudzera m'vinyomo. Samata mkamwa kwambiri ngati vinyo wa mphesa za khungu lochindikala. Mphesazi zimapsa msanga ndipo zimafuna malo ozizirirapo. Dzuwa likanyanya zimadzaza shuga fungo lisanakhwime, ndipo chinyontho chikachuluka zimaola chifukwa zimabereka mothithikana. Kusintha pang'ono kwa nyengo, kwa dothi kapena kwa tsiku lokolola kumamveka m'tambula. Komanso kawirikawiri vinyo wofiira wa pinot noir sasakanizidwa ndi mphesa za mtundu wina. Choncho mabotolo asanu ndi limodzi akaikidwa patebulo, chinthu chimodzi chimakhala chofanana mwa onsewo, ndipo kusiyana kulikonse kumene kwamveka kuyenera kuti kwachokera kwina.

Madera amene amayerekezedwa

Muyeso wakale ndi Côte d'Or ku Burgundy, mzere wa zitunda wotalika pafupifupi makilomita 50 kulowera kumwera kuchokera mumzinda wa Dijon. Dothi lake ndi la miyala ya laimu yosakanikirana ndi dongo, ndipo minda yambiri inayang'ana kotulukira dzuwa. Amonke a ku Cîteaux, nyumba imene inakhazikitsidwa mu 1098, analima kumeneko kwa mibadwo yambiri ndipo anazinga ndi mpanda wamiyala munda wa Clos de Vougeot, wa mahekitala pafupifupi 50. Mu 1395 Philippe le Hardi, wolamulira Burgundy, analamula kuti mphesa za gamay zizulidwe pofuna kuteteza pinot noir. Lero minda ya kumeneko inagawidwa m'tizigawo 1,247, kalikonse ndi dzina lake, ndipo bungwe la UNESCO linaika tizigawoti pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2015. Munda wotchuka wa Romanée-Conti sukwana n'komwe mahekitala awiri. Olawa amati vinyo wa ku Burgundy amawawasirapo, ndi wopepuka mkamwa, ndipo akakalamba amanunkhira ngati bowa ndi masamba onyowa a m'nkhalango.

Ku Oregon, m'chigwa cha Willamette, David Lett anayamba kubzala pinot noir mu 1965, ndipo munda wake wa Eyrie uli m'zitunda za Dundee, kumene dothi ndi lofiira lochokera ku ziphalaphala zakale. Ku California mphesazi zimakula bwino kumene chifunga cha m'nyanja ya Pacific chimafika, monga ku Russian River ndi ku Sta. Rita Hills, ndipo vinyo wake nthawi zambiri amakhala wolemerera, wa fungo la zipatso zakupsa, ndi ukali wa mowa wofika pa 14 peresenti kapena kuposa. Central Otago ku New Zealand ndi dera louma la pakati pa mapiri, lotentha masana ndi kuzizira kwambiri usiku, ndipo vinyo wake amakhala woderako mtundu ndi wa fungo lamphamvu. Ku Germany mphesazi amazitcha Spätburgunder ndipo zimalimidwa kwambiri ku Baden ndi m'chigwa cha Ahr. Ku South Africa dera lodziwika ndi chigwa cha Hemel-en-Aarde pafupi ndi Hermanus, kumene Tim Hamilton Russell anagula malo mu 1975 pofunafuna mphepo yozizira ya kunyanja.

Mmene kulawa kumayendera

Gulu lochita zinthu mosamala limatsata malamulo angapo. Mabotolo amakulungidwa m'mapepala n'kulembedwa manambala kuti dzina ndi mtengo zisaoneke. Matambula onse amakhala ofanana, aakulu pamimba ndi opanikiza kukamwa kuti fungo lisonkhane. Vinyo amathiridwa pang'ono, ali wozizirirapo, pa madigiri 14 mpaka 16. Wolawa amayamba wayang'ana mtundu, kenako amazungulitsa vinyo m'tambula, kuika mphuno, kumwa pang'ono, kumuyendetsa mkamwa monse, ndipo nthawi zambiri amalavulira m'chotengera kuti mutu ukhalebe wabwino. Aliyense amalemba maganizo ake mwakachetechete anzake asanayankhule. Akatha kukambirana m'pamene mapepala aja amachotsedwa, ndipo vinyo yemweyo amamwedwanso ndi chakudya monga bakha, nsomba ya salmon kapena bowa.

Lamulo lililonse pamenepa likuvomereza zinthu ziwiri. Likuvomereza kuti munthu amapusitsika ndi dzina, mtengo ndi mawu a anzake. Likuvomerezanso kuti muli kanthu m'tambulamo koyenera kutetezedwa ku chinyengo chimenecho. Kukanakhala kuti kukoma n'kwa yense payekha basi, kubisa mayina sikukanakhala ndi ntchito.

Mbali yoyamba: aliyense ndi lilime lake

Maganizo akuti za kukoma sizitsutsanirana ali ndi owaikira kumbuyo amphamvu. Immanuel Kant, m'buku lake la 1790 lonena za kuweruza, anasiyanitsa chinthu chokongola ndi chinthu chongosangalatsa thupi, ndipo chitsanzo chake cha chosangalatsa chinali vinyo wa ku zilumba za Canary. Kwa iye, munthu wonena kuti vinyoyo ndi wokoma ayenera kuvomera akakumbutsidwa kuti ndi wokoma kwa iyeyo, ndipo alibe ufulu woyembekezera kuti wina aliyense agwirizane naye.

Kafukufuku wa masiku ano akuoneka ngati akuthandiza mbali imeneyi. Mu 2001 Gil Morrot, Frédéric Brochet ndi Denis Dubourdieu anapatsa ophunzira za vinyo 54 a ku Bordeaux vinyo woyera wothiridwa utoto wofiira wopanda fungo, ndipo ophunzirawo anafotokoza fungo lake ndi mawu amene amagwiritsidwa ntchito pa vinyo wofiira. Mu 2008 Hilke Plassmann ndi anzake ku California anaonetsa kuti anthu akauzidwa kuti vinyo ndi wa madola 90 amamukonda kuposa akauzidwa kuti ndi wa madola 10, vinyo ali yemweyo, ndipo makina ounika ubongo anaonetsa kuti chisangalalocho chinakuladi. Chaka chomwecho Robert Hodgson anafalitsa zotsatira za mayeso amene anachita pa mpikisano wa vinyo wa California State Fair, pomwe oweruza ankapatsidwa vinyo wa m'botolo limodzi katatu osadziwa. Oweruza amene anapereka malikisi oyandikana nthawi zonse zitatu anali pafupifupi mmodzi mwa khumi aliwonse. Kuwonjezera apo matupi amasiyana. Pali anthu amene mwachibadwa amamva kuwawa kwambiri kuposa anzawo, ndipo pali fungo lina limene ena salimva n'komwe.

Mbali yachiwiri: muli kanthu m'tambula

David Hume, m'nkhani yake ya 1757 yonena za muyeso wa kukoma, anavomereza kuti kukoma kumamvekera mwa munthu, koma anakana zoti maweruzo onse ndi ofanana. Anabwereka nthano ya m'buku la Don Quixote yonena za abale awiri a Sancho Panza amene anapemphedwa kulawa vinyo wa mumgolo. Wina anati akumva kachikopa, mnzake anati akumva kachitsulo. Mgolo utatha, pansi pake panapezeka kiyi womangiriridwa ku kachingwe kachikopa. Aliyense wa awiriwo anamva theka la choona, ndipo amene sanamve kanthu anali ataphonya chinthu chimene chinalimodi. Hume anatchula zinthu zisanu zimene zimapanga woweruza wabwino: kumva ngakhale tinthu tochepa, kuzolowera, kuyerekeza, kusakondera, ndi nzeru.

Kiyi wa Sancho ali ndi mnzake wa masiku ano. Nthawi zina chotsekera botolo chimakhala ndi mankhwala otchedwa TCA, amene amanunkhitsa vinyo ngati katoni yonyowa ndi kupha fungo la zipatso. Mankhwalawa amamveka ngakhale atakhala magawo ochepa chabe pa thililiyoni. Patebulo munthu mmodzi akhoza kuwamva anzake asanu osamva, ndipo kuyeza kwa m'labotale kungatsimikize kuti mmodziyo ndiye akunena zoona. Apa kuchuluka kwa anthu sikupambana mlandu.

Mbiri ya pinot noir ili ndi chitsanzo chinanso. Mu 1979, pa mpikisano wa ku Paris wolawa mobisa mayina, vinyo wa Eyrie wa chaka cha 1975 anapezeka m'gulu la opambana pakati pa vinyo wa ku France. Robert Drouhin, wamalonda a vinyo wa ku Burgundy, anakonza kulawa kwina ku Beaune mu 1980, ndipo Eyrie yemweyo anakhala wachiwiri, kumbuyo kwa Chambolle-Musigny wa Drouhin wa 1959. Mu 1987 Drouhin anagula malo m'zitunda za Dundee. Chimene chinasintha maganizo a munthu amene anali ndi chifukwa chilichonse chokondera kwawo chinali vinyo mwiniwake.

Mayeso a Brochet ndi Plassmann, akaunikidwa bwino, akutsimikiza kuti anthu amalakwa. Koma kulakwa kumatheka pokhapokha pali choona chimene munthu wachiphonya. Ophunzira a ku Bordeaux ananyengeka chifukwa vinyo uja analidi woyera. Zimene mayesowa akuphunzitsa n'zakuti lilime ndi mboni yosavuta kuisokoneza, yofunika kuifunsa mosamala ndi kuiyerekeza ndi mboni zina.

Mawu anayi osiyana patebulo limodzi

Mikangano yambiri imabwera chifukwa chosakaniza mitundu inayi ya mawu. Woyamba ndi wofotokoza: vinyo wachitatu akuwawasa kuposa wachiwiri, wachisanu ali ndi fungo la mgolo watsopano. Mawu otere akhoza kukhala oona kapena onama, ndipo ambiri amayezeka. Wachiwiri ndi wolosera kochokera: uyu ndi wa ku Oregon. Pepala likachotsedwa yankho limadziwika pomwepo, ndipo ngakhale akatswiri amaphonya kawirikawiri, makamaka pakati pa Oregon ndi Burgundy. Wachitatu ndi woweruza ubwino: vinyo uyu ndi wopangidwa bwino kuposa uyo. Palibe makina oyezera zimenezi, komabe pali zifukwa zimene munthu angapereke ndipo mnzake angazitsimikize m'tambula yake, monga ngati kuwawasa, ukali ndi zipatso zikugwirizana popanda china kuphimba chinzake, ngati kukoma kukukhalitsa mkamwa vinyo atamezedwa, ndi ngati fungo likusintha n'kuonetsa zatsopano pakapita mphindi makumi awiri. Wachinayi ndi wonena zokonda: ine ndikonda uyu. Amenewa okha ndiwo mawu osatsutsika.

Kant ananena zoona pa mtundu wachinayi, ndipo Hume ananena zoona pa wachitatu. Umboni wakuti iwiriyi ndi yosiyana ndi wakuti munthu mmodzi amatha kunena zonse ziwiri popanda kudzitsutsa: vinyo wachinayi ndiye wabwino koposa, koma ine ndimwa wachiwiri.

Kodi malo amalankhula m'vinyo?

Cholinga chenicheni cha kuyerekeza madera ndi kumva malo. Maganizo amenewa si achilendo kwa amene amadziwa kuti mpunga wa Kilombero wa ku Karonga uli ndi fungo lake limene ogula amalifunafuna ndi dzina. Komabe payenera kusamala. Mizu ya mpesa siitumiza kukoma kwa mwala m'chipatso, ndipo akatswiri a miyala monga Alex Maltman aonetsa kuti michere ya m'dothi imene imafika m'vinyo ndi yochepa kwambiri moti singamveke payokha. Dothi limagwira ntchito mozungulira: limasunga kapena kutaya madzi, limatentha msanga kapena mochedwa, limakulitsa kapena kuchepetsa masamba, ndipo zimenezi n'zimene zimasintha kapsedwe ka mphesa.

Dzanja la munthu nalo lili paliponse. Mlimi amasankha mbewu pakati pa timitundu tambiri ta pinot noir, monga ta ku Dijon todziwika ndi manambala 115, 667 ndi 777. Chiyambire pamene kachilombo ka phylloxera kanawononga minda ya ku Ulaya kumapeto kwa zaka za m'ma 1800, pafupifupi mipesa yonse ya ku Burgundy inalumikizidwa pa mizu ya mipesa ya ku America. Wopanga vinyo amasankha tsiku lokolola, amasankha kuwiritsa mphesa ndi timitengo take kapena kutichotsa, ndipo amasankha kuti mwa migolo yake ya malita 228 ingati ikhale yatsopano. Chaka nacho chimalowererapo: kutentha koopsa kwa 2003 kunapangitsa vinyo wambiri wa ku Burgundy kukhala wolemera ngati wa kumayiko otentha. Clos de Vougeot, amene kale anali munda umodzi wa amonke, lero ali ndi eni ake oposa 80, ndipo vinyo wawo amasiyana kwambiri ngakhale mpanda ndi umodzi.

Choncho botolo limodzi silingaimire dera lonse, ndipo gulu lolawa mabotolo asanu ndi limodzi lilibe mphamvu yogamula kuti dziko lakuti laposa lakuti. Chimene chimamveka m'tambula ndi malo amene anthu awaphunzira ndi kuwasamalira. Ku Burgundy kuphunzirako kwatenga zaka pafupifupi chikwi, ku Oregon zaka makumi asanu ndi limodzi. Apa pabisalanso msampha. Ngati Burgundy ndiye muyeso, vinyo wa ku Otago adzagonja nthawi zonse pa mlandu wosakhala Burgundy. Funso lolungama ndi lakuti vinyo aliyense wakwaniritsa bwanji chimene malo ake angathe kupereka. Gulu limene silinagwirizane za muyeso lisanayambe kuponya mavoti limakhala likuyankha mafunso osiyana ndi nambala imodzi.

Kulawa osadziwa ndi kumwa ukudziwa

Pali anthu amene amakayikira kulawa mobisa mayina. Roger Scruton, m'buku lake la 2009 lonena za vinyo, anati kudziwa mudzi, mbiri ndi anthu amene apanga vinyo ndi gawo la chimene munthu amamwa, ndipo kuchotsa zimenezi n'kuchepetsa vinyoyo. Palinso vuto lodziwika: mabotolo akandandalikidwa pamodzi, wamphamvu ndi wotsekemerako amakopa msanga, pamene wofatsa amaoneka wosowa kanthu, chonsecho ndi iyeyo amene angakome ndi chakudya mpaka tambula yomaliza.

Njira ziwirizi zimayankha mafunso osiyana, n'chifukwa chake mgonero wokonzedwa bwino umakhala nazo zonse. Kubisa dzina kumateteza chilungamo. M'nkhani ya ukwati wa ku Kana, mu Uthenga Wabwino wa Yohane, mkulu wa phwando analawa vinyo osadziwa kumene wachokera, ndipo umboni wake wakuti ndi wabwino uli ndi mphamvu chifukwa cha kusadziwako. Kuulula dzina kumabweretsa kumvetsa ndi kuthokoza, pakuti wolawa amadziwa tsopano kuti kuwawasa kumene anamva kunachokera ku usiku wozizira wa kudera lakutilakuti, ndi kuti pali anthu amene anadulira mipesayo m'chisanu. Amonke a ku Cîteaux ankaona nthaka ngati mphatso ya Mulungu ndi ntchito ya manja ngati mbali ya kumutumikira, ndipo malamulo a Benedikito Woyera amene ankatsata amalola vinyo wa muyeso wochepa patsiku ndi kuchenjeza za kuledzera. Kudziletsa kumeneku n'kofunikanso pa kudziwa, chifukwa mowa umafooketsa mphuno ndi nzeru zomwe zikufunika poweruza. Chisilamu ndi mipingo yambiri yachikhristu imaletsa mowa kotheratu, ndipo kwa otsatira ake funso lomweli limabuka pa tiyi, khofi kapena uchi, pakuti nkhani yake ndi ya mmene munthu amadziwira ubwino wa chinthu kudzera m'thupi lake.

Chifukwa chake pamafunika gulu

Popeza lilime lililonse lili ndi malire ake, kulawa pagulu ndi njira yokonzera zolakwa. Wina amamva TCA msanga, wina amazindikira mgolo, wina amakumbukira bwino vinyo wa zaka zapitazo. Mmodzi akatchula fungo, anzake amabwerera ku matambula awo, ndipo kawirikawiri amapeza chimene chinalipo kale koma sanachilabadire. Nthawi zina sachipeza, ndipo wotchulayo amayenera kuganizanso. Ngakhale wongoyamba kumene ali ndi gawo lake, paja mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa: iye saopa dzina la munda chifukwa salidziwa. Koma gulu lili ndi matenda akenso. Munthu wodziwika kapena wolankhula mokweza akayamba kunena, ena amangotsatira, ndipo chigwirizano chotere sichitsimikiza kanthu. Kulemba mwakachetechete poyamba n'kumene kumapatsa chigwirizano mtengo wake.

Yankho la funso lija lili ndi mbali zitatu. Kusiyana kwa pinot noir wa madera osiyanasiyana n'kwenikweni ndipo kuli ndi zoyambitsa zodziwika: nyengo, dothi, mbewu, chaka ndi zosankha za mlimi. Ubwino wa vinyo umaweruzika ndi zifukwa zimene ena angaziyese, ngakhale kuti chiweruzocho chimatha kulakwika ndipo chimafuna kuti muyeso unenedwe poyera. Zokonda za munthu ndi zake, ndipo palibe katswiri angamulande. Wolawa wokhwima amadziwa kuti pa nthawi iliyonse akunena mawu a mtundu uti, amapereka chifukwa pamene chifukwa chikufunika, ndipo amasintha maganizo mnzake akamuonetsa m'tambula chimene iye sanachimve.